Tsankho la khungu: lidachokera kuti ndipo limagwira ntchito bwanji? Mafunso ndi mayankho

Nkhani ya tsankho ikayambika m'kalasi la Fomu 3, kumphakati kapena pa minibasi yochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu, mafunso ake amakhala omwewomwewo. Tawasonkhanitsa pano ndi kuwayankha mmodzimmodzi. Ena tawayankha mwachidule, ena takhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka.

Tikamati tsankho la khungu tikunena chiyani kwenikweni?

Tsankholi limakhala pa mafuwa atatu ngati mphika. Fuwa loyamba ndi kugawa anthu m'magulu potengera khungu, tsitsi, mphuno kapena makolo awo, n'kumati zimenezi ndi za m'magazi, sizingasinthe. Lachiwiri ndi kusanja maguluwo, ena pamwamba ena pansi: awa ndi anzeru, awa ndi aulesi, awa adabadwira kulamula. Lachitatu ndi mphamvu, kaya ya lamulo, ya mfuti kapena ya ndalama, yochititsa kuti kusanjako kukhale ndi zotsatira: uyu apeze malo, uyo alandidwe; uyu alowe sukulu, uyo abwerere pakhomo.

Fuwa lachitatuli ndi limene ambiri amaliiwala. Munthu wongodana nanu mumtima mwake mutha kumulambalala. Koma akakhala kuti ndiye wolemba ntchito, woweruza mlandu kapena wogawa malo, chidani chakecho chimalowa m'nkhokwe mwanu.

Kodi si chibadwa cha munthu kusala amene sakufanana naye?

Kukayikira mlendo n'kwakale, sitikana. Ku Chongoni kuno ku Dedza kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo zina mwa zakale kwambiri zidajambulidwa ndi Akafula, anthu amene nthano zathu zimawakumbukira ndi dzina lowaseka la Amwandionerapati. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe ankagwira anthu pankhondo n'kuwaika pansi pawo. Ku Nkhotakota kudali Jumbe, ku Karonga kudali Mlozi, onse ogulitsa anthu. Palibe chifukwa chobisa zimenezi.

Koma taonani kusiyana kwake. Mwana wa munthu wogwidwa ndi Angoni ankakula akuvina ngoma, ankanyamula chishango, ankakwatira, ndipo zidzukulu zake lero ndi Angoni osakayikitsa. Nawonso Angoniwo adatengera chilankhulo cha anthu amene adawagonjetsa, n'chifukwa chake ku Ntcheu tikulankhula Chichewa. Khomo lidalipo, ngakhale lidali lopapatiza. Tsankho la khungu lidabwera kudzatseka khomolo: ubatizidwe, uphunzire, ulemere, iwe ndi ana ako mukhalabe apansi.

Maganizo otseka khomowa ali ndi zaka zake zodziwika. Mu 1449 mzinda wa Toledo ku Spain udakhazikitsa lamulo loletsa Ayuda amene adalowa Chikhristu, pamodzi ndi ana awo, kukhala pa maudindo, ati magazi awo si oyera. Zaka zisanu izi zisanachitike, mu 1444, Apwitikizi adatsitsa anthu 235 ogwidwa ku Africa padoko la Lagos ku Portugal n'kuwagawana, mayi uku mwana uko. Kuchokera pamenepo malonda a akapolo owoloka nyanja ya Atlantic adakula mpaka anthu pafupifupi 12.5 miliyoni adakwezedwa m'zombo, ndipo amene adafika amoyo adali pafupifupi 10.7 miliyoni.

Eni minda ya nzimbe, fodya ndi thonje ankafuna antchito osalipidwa, osathawa, oberekanso antchito ena. Mu 1662 ku Virginia adalamula kuti mwana azitsata mayi ake: wobadwa kwa kapolo ndi kapolo. Kwa ife Achewa kutsata kuchikazi ndi ulemu, mwana amakhala ndi malume ndi mbumba yomuyang'anira. Kumeneko lamuloli lidapangidwa kuti bwana akagona ndi kapolo wake, mwana wobadwayo akhale katundu woti angathe kumugulitsa. Eric Williams, katswiri wa mbiri amene pambuyo pake adatsogolera dziko la Trinidad and Tobago, adafotokoza mu 1944 kuti ukapolo sudabadwe kuchokera ku tsankho, koma tsankho ndi limene lidabadwa kuchokera ku ukapolo. Akatswiri ena amati mbewu za tsankho zidalipo kale, ukapolo udangozithirira. Onsewo amagwirizana pa chimodzi: phindu ndi limene lidalikulitsa.

Nanga zoti anthu akuda ndi ana a Hamu otembereredwa?

Tsegulani Genesis 9, muwerenge kuyambira ndime 20 mpaka 27. Nowa adatemberera Kanani, osati Hamu. Mulungu sadatemberere aliyense pamenepo, wolankhula ndi Nowa atadzuka ku vinyo wake. Za khungu mulibemo ngakhale liwu limodzi, ndipo Akanani sankakhala ku Africa. Kumasulira kokhotaku kudafalitsidwa ndi ogula ndi ogulitsa akapolo amene ankafuna kugona tulo popanda chikumbumtima kuwavutitsa, ndipo kudalalikidwanso m'maguwa ena ku America ndi ku South Africa. Buku lomwelo pa Machitidwe 17:26 limati mitundu yonse ya anthu idachokera kwa munthu mmodzi. Zimatiwawa kumva chiphunzitso cha Hamuchi chikutulukabe pakamwa pa alaliki ena akuda.

Akuti asayansi ndi amene adagawa anthu m'mitundu. Adachita bwanji?

N'zoona, ndipo ndi bwino kudziwa mayina awo ndi pamene adalakwitsa. Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1735 adagawa anthu m'magulu anayi: a ku Ulaya, a ku America, a ku Asia ndi a ku Africa. Pofika 1758 adali atawonjezapo makhalidwe, wa ku Ulaya n'kumupatsa nzeru ndi luso, wa ku Africa n'kumupatsa ulesi, chonsecho iye ku Africa sadapondeko. Johann Blumenbach wa ku Germany adafika pa magulu asanu, ndipo ndi iye adatchukitsa dzina loti Caucasian, la gulu limene adaikamo azungu. Ena pambuyo pake adawerenga magulu atatu, ena makumi angapo. Kusagwirizana kumeneku pakokha kukutiuza kanthu. Malire ake akadakhala oonekeratu ngati a pakati pa mbuzi ndi nkhosa, sakadakangana pa chiwerengero.

Ku Philadelphia kudali dokotala wina, Samuel Morton, amene adasonkhanitsa zigaza za anthu mazanamazana. Ankatembenuza chigaza, n'kuthiramo njere zing'onozing'ono kudzera pa chibowo cha kunsi mpaka kudzaza, kenako n'kukhuthulira njerezo m'choyezera. Pambuyo pake adasiya njere n'kuyamba kugwiritsa timipira ta mtovu. Zotsatira zake adazifalitsa mu 1839, azungu pamwamba, akuda pansi. Cholakwika chachikulu sichidali m'manja koma m'mutu: kukula kwa chigaza kumatsata kukula kwa thupi, ndiponso ngati mwini wake adali mwamuna kapena mkazi, ndipo sikuyeza nzeru. Yankho adali nalo kale asanathire njere yoyamba.

Arthur de Gobineau wa ku France pakati pa 1853 ndi 1855 adaphunzitsa kuti mitundu si yofanana ndipo kusakanizana kwa magazi ndi kumene kumagwetsa maufumu. Anténor Firmin, munthu wakuda wa ku Haiti, adamuyankha mfundo ndi mfundo mu 1885, koma a ku Ulaya sadafune kumumva. Mu 1883 Francis Galton wa ku England adayambitsa chiphunzitso cha eugenics, choti boma lizisankha oyenera kubereka ndi osayenera, ngati mmene mlimi amachitira ndi ng'ombe. Ku America anthu oposa 60,000 adatsekedwa kubereka mokakamizidwa potsata maganizo amenewa.

Munthu mmodzi amene adalawa zonsezi pathupi pake ndi Sarah Baartman wa ku South Africa. Adapita naye ku London mu 1810 kukamuonetsa ngati chinthu chodabwitsa, adamwalira ku Paris mu 1815, ziwalo zake n'kusungidwa m'nyumba ya zinthu zakale. Mafupa ake adabwerera kwawo mu 2002.

Sayansi ya lero ikuti chiyani za khungu?

Anthu awiri alionse padziko amafanana pa DNA, imene imanyamula chibadwa chochokera kwa makolo, pafupifupi 99.9 peresenti. Pa kagawo kotsalako, Richard Lewontin adapeza mu 1972 kuti pafupifupi 85 peresenti ya kusiyanako ili mkati mwa gulu limodzi lomwelo, osati pakati pa magulu. Ku Africa ndi kumene anthu amasiyana kwambiri pa DNA kuposa kwina kulikonse, chifukwa kuno ndi kumene munthu adayambira, zaka pafupifupi 300,000 zapitazo, ndipo amene adafalikira kumaiko ena adali kagulu kochepa kochokera kuno.

Mtundu wa khungu umachokera ku melanini. Tonse tili ndi maselo opanga melanini ochuluka mofanana, kusiyana kwake ndi kuchuluka kwa melanini amene maselowo amatulutsa. Kumene dzuwa limaomba kwambiri, khungu lakuda limateteza thupi ku cheza choopsa cha dzuwa. Kumene dzuwa n'lochepa, khungu loyera limathandiza thupi kupanga vitamini D. Mukayenda wapansi kuchoka ku Lizulu mpaka ku Cairo, n'kupitirira ku Ulaya, khungu la anthu limanka liyererako pang'onopang'ono, simudzapeza mudzi woti apa ndiye pathera akuda, apa payambira oyera.

Magazi nawo sadziwa khungu. Magulu a A, B, AB ndi O amapezeka paliponse. Mlimi wa mbatata wa ku Tsangano atha kupereka magazi kwa munthu wa ku Norway ngati magulu awo agwirizana, pamene kwa mchimwene wake weniweni mwina sangathe. Ngakhale zili choncho, m'zaka za m'ma 1940 ku America magazi a akuda ndi a azungu ankasungidwa padera. Matenda a sickle cell, amene ena amawayesa a anthu akuda, amatsata malungo, n'chifukwa chake aliko ku India, kwa Aluya ndi ku Greece.

Ngati tili ofanana, bwanji azungu adatiposa chuma ndi maphunziro?

Funsoli ndi lachilungamo ndipo yankho lake lili m'mbiri, osati m'magazi. Mfuti zamakina, zombo, mankhwala a kwinini, chuma chochokera ku thukuta la akapolo ndi malasha a pafupi ndi mafakitale ndi zimene zidapatsa Ulaya mphamvu kwa zaka mazana ochepa chabe. Kale kutsogolo kudali Egypt, China, India ndi maiko a Aluya.

Za mayeso a nzeru, kumbukirani ichi: m'maiko ambiri zotsatira za mayesowa zidakwera ndi mapointi pafupifupi atatu pa zaka khumi zilizonse m'zaka za m'ma 1900. Chibadwa cha anthu sichisintha msanga chotero. Zidasintha ndi chakudya, sukulu ndi umoyo. Mwana wopinimbira ndi njala, wodwaladwala malungo, wokhala pansi m'kalasi la ana oposa 100, mukamuyesa m'chilankhulo chachilendo mwayeza umphawi wake.

Ndipo pamene umboni wa luso la anthu akuda udaonekera poyera, udakanidwa. Makoma a miyala a Great Zimbabwe atsamunda ankati adamangidwa ndi alendo ochokera kutsidya la nyanja. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 adakumba n'kutsimikiza kuti adamanga ndi anthu a komweko, koma boma la Rhodesia lidapitiriza kuphimba choonadi mpaka m'ma 1970. Likadavomereza, mfundo yoti lidapeza dziko lopanda eni anzeru ikadagwa.

Kuno ku Nyasaland tsankho linkagwira ntchito bwanji?

Apa tikhalitsapo, chifukwa ambiri amaganiza kuti poti kuno kudalibe azungu ochuluka, tsankho lidali la ku Joni ndi ku Rhodesia kokha.

Chidayamba ndi malo. Dzikoli litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston adapereka zikalata zaumwini kwa azungu ndi makampani amene ankati adagula malo kwa mafumu, kawirikawiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti zochepa. Maekala pafupifupi 3.7 miliyoni adapita motero. Mfumu inkadziwa kuti ikubwereketsa malo kwa mlendo monga mwa mwambo, pepala linkati yagulitsa mpaka muyaya.

Malo opanda olima sapindula, choncho padabwera msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 udali mashiling'i 6, koma amene wagwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi umodzi ankalipira 3. Onani mmene msamphawo udatcheredwera: boma silikugwira pakhosi kuti upite ku esiteti, koma ukakhala pakhomo kulima munda wako ulipira kawiri. Wolephera kulipira nyumba yake inkatha kutenthedwa. Kenako thangata. Mawuwa adali okoma, kuthandizana kumunda pakati pa anansi. Pa maesiteti a kummwera adasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo amene munthu akukhalapo, ndipo miyezi yake inkagwa nthawi ya dzinja, pamene munda wake womwe ukufuna khasu. Thangata adathetsedwa mu 1962.

Padalinso kuchepsa kwa tsiku ndi tsiku. Bambo wa imvi zake ankaitanidwa kuti boyi. Munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa, ndipo ochedwa kuvula ankatha kumenyedwa. Ganizirani mphunzitsi amene wasunga ndalama miyezi ingapo n'kugula chipewa ndi jekete, akuyenda ndi ana asukulu ake, kenako mnyamata wachizungu wa msinkhu wa mwana wake akumukalipira kuti chotsa chipewa. Nkhani ya chipewayi idamveka mobwerezabwereza pamaso pa bungwe limene lidafufuza za kuukira kwa John Chilembwe, kumene kudayamba pa 23 January 1915. Miyezi iwiri izi zisanachitike, Chilembwe adali atalemba kalata ku nyuzipepala yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya azungu imene sadzapindula nayo kanthu.

Pa maphunziro, sukulu ya sekondale yoyamba idatsegulidwa ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, patatha zaka pafupifupi 50 za ulamuliro wa atsamunda. Yoyamba ya boma ndi yathu ya Dedza, ya 1951. Nyumba ya malamulo idayamba mu 1907, koma munthu wakuda adakhalamo koyamba mu 1949. Zaka zonse zapakatipo wotilankhulira adali mmishonale wachizungu. Umu ndi mmene tsankho limadzipangira umboni: utseka sukulu, kenako uloza anthuwo n'kumati onani, sadaphunzire, angadzilamulire bwanji?

Ku Ntcheu nkhaniyi ili ndi manda ake. Inkosi Gomani Woyamba adaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896 atakana kugonjera ulamuliro wawo, ndipo mbiri ya Angoni imati adakana kuyendetsedwa ali womangidwa ngati kapolo. Mwana wawo, Inkosi Philip Gomani, adatsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, nauza anthu awo kuti asamvere malamulo a malimidwe. Boma lidawachotsa paufumu ali odwala, iwo adathawira ku Mozambique mothandizidwa ndi mbusa Michael Scott, adabwezedwa, ndipo adamwalira mu 1954. Chimene ankaopa ankachidziwa bwino, chifukwa anthu awo ambiri adali atagwirako ntchito ku Southern Rhodesia, kumene lamulo la 1930 lidapatsa azungu ochepa pafupifupi theka la dziko. Godfrey Huggins, nduna yaikulu yoyamba ya chitaganyacho, amakumbukiridwa poyerekeza mgwirizano wa azungu ndi akuda ndi wa kavalo ndi womukwera. Pa 3 March 1959 boma lidalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, anthu oposa 50 adaphedwa, ndipo chitaganya chidatha mu 1963.

Agogo athu opita ku Joni adakumana ndi zotani?

Adakumana ndi tsankho lolembedwa m'mabuku a malamulo. Lamulo la migodi la 1911 lidasungira azungu ntchito zaluso. La malo la 1913 lidasiyira akuda pafupifupi 7 peresenti ya dziko, imene idakwezedwa kufika pafupifupi 13 peresenti mu 1936. Apartheid itayamba mu 1948 adaletsa maukwati a pakati pa azungu ndi ena mu 1949, ndipo mu 1950 munthu aliyense adalembedwa mtundu wake m'kaundula. Pokayikitsa, ena ankamulowetsa pensulo m'tsitsi: ikagwa ndiye kuti ali kufupi ndi azungu, ikakanirira ayi. Abale a bere limodzi ankatha kugwera m'magulu osiyana. Amalonda a ku Japan, chifukwa cha ndalama zawo, ankawerengedwa ngati azungu. Pamenepo mutha kuona kuti mzerewo unkajambulidwa ndi boma, osati chilengedwe.

Amalawi opita kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, ankagona m'makomponi a amuna okhaokha, opanda ufulu wobwera ndi banja. Pa 21 March 1960 apolisi adapha anthu 69 ku Sharpeville amene ankatsutsa malamulo a mapasi, n'chifukwa chake tsikuli dziko lonse lapansi limakumbukira nkhondo yolimbana ndi tsankho. Tisabise kuti boma lathu lidatsegula ubale ndi boma la apartheid mu 1967, ndipo Dr Banda adakachezako mu 1971. Mu April 1974 ndege idagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, ndipo kulemba anthu a Wenela kudayamba kwaimitsidwa.

Kodi mawu chabe angafike popha mtundu wa anthu?

Adafikapo, ndipo njira yake imafanana. Amayamba n'kulemba anthu m'magulu, kenako kuwapatsa dzina la chilombo kapena kachirombo, kenako kuwachotsera chitetezo cha lamulo, kenako mpeni. Ajeremani adachita izi kwa Aherero ndi Anama ku Namibia pakati pa 1904 ndi 1908, ndipo adavomereza mu 2021 kuti kudali kupulula mtundu. Malamulo a ku Nuremberg a 1935 adachotsera Ayuda unzika, ndipo pofika 1945 Ayuda pafupifupi 6 miliyoni adali ataphedwa.

Ya ku Rwanda ndi imene iyenera kutiopsa kwambiri, chifukwa opha ndi ophedwa adali a khungu limodzi, chilankhulo chimodzi, mipingo imodzi. Azungu oyamba kufika m'deralo adabwera ndi nthano yoti Atutsi ndi alendo anzeru ochokera kumpoto. Atsamunda a ku Belgium m'ma 1930 adalemba mtundu wa munthu aliyense pa chiphaso. Mu 1994 wailesi inkatcha Atutsi mphemvu, pa zotchinga za pamsewu ankayang'ana chiphaso chija, ndipo anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa m'masiku pafupifupi 100.

Malamulo atsankho adachotsedwa. Bwanji mukuti likadalipo?

Lamulo limafufutika ndi siginecha imodzi, koma malo, nyumba ndi maphunziro zimene lidagawa zimapitirira kwa ana ndi zidzukulu. Mu 1967 Stokely Carmichael ndi Charles Hamilton a ku America adafotokoza za tsankho lokhala m'kayendetsedwe ka mabungwe, loti limapweteka anthu ngakhale pasapezeke wotukwana aliyense. Chitsanzo choyezeka: akatswiri awiri, Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan, adatumiza makalata ofunsira ntchito pafupifupi 5,000 ku Boston ndi ku Chicago, maphunziro ofanana, kusiyana mayina okha. A mayina omveka achizungu adaitanidwa kochuluka ndi 50 peresenti.

Lina lidalowa m'mitima yathu. Frantz Fanon, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Martinique, adalemba mu 1952 za mmene wolamulidwa amayambira kudziona ndi maso a womulamula. Timazimva tikamatcha bwana wolemera kuti mzungu wanga, kapena mlonda akatsegulira mlendo woyera geti mwaulemu n'kuyamba kufunsa mafunso Mmalawi mnzake wobwera pambuyo. Timazionanso pa mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika. Ambiri amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a gulu la steroid. Poyamba nkhope imayera, kenako khungu limapyapyala, mitsempha imaonekera, zilonda zimachedwa kupola, ndipo pamasaya pamabwera zigamba zakuda zovuta kuchotsa. Mercury amawononga impso ndipo amafika kwa mwana ali m'mimba. Amene wadzola a steroid nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi, apite kuchipatala amuthandize kuchepetsa pang'onopang'ono.

Kodi munthu wakuda angakhale watsankho? Nanga kusankhana mitundu kwathu kuno n'chimodzimodzi?

Angakhale. Ena amati popanda mphamvu palibe tsankho, koma mphamvu zili pamilingo yosiyanasiyana, ndipo mwini golosale, mfumu, hedimasitala kapena gulu la anyamata onyamula zibonga ali nazo zokwanira kupweteka munthu. Ku South Africa mu 2008 anthu 62 adaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ndipo mu 2015 Amalawi ambiri adabwerera pa mabasi a boma manja ali m'khosi. Owathamangitsa adali akuda anzawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: mmene timawatchulira ndi kuwachitira anthu othawa kwawo a ku Dzaleka, onse n'kungowati Maburundi, sizisiyana kwenikweni.

Kusankhana mitundu ndi zigawo sikudachokere ku mbiri ya zombo za akapolo, koma kumakhala pa mafuwa atatu omwe aja. Mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya boma. Mu 1989 aphunzitsi adalamulidwa kubwerera ku zigawo za kwawo, ndipo amene adavutika kwambiri ndi a kumpoto. M'ma 1970 amwenye adachotsedwa m'matauni a kumidzi n'kuuzidwa kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Ngati bwana wina wachimwenye akuzunza antchito, mlandu ndi wake, ndipo uyenera kupita ku ofesi ya zantchito ndi dzina lake, osati la mtundu wonse. Nthabwala za pachisuweni n'zina: onse awiri amaseka, ndipo aliyense ali ndi ufulu wobweza. Mmodzi akasiya kuseka, kapena nthabwalayo ikayamba kusankha woti alembedwe ntchito, yasanduka chinthu china.

Za abale athu achialubino tinene mosapita m'mbali. Ualubino umabwera pamene mwana walandira chibadwacho kuchokera kwa bambo ndi mayi onse awiri, ndipo makolo oterewa pa mimba iliyonse mwayi wake ndi umodzi pa inayi. Si mlandu wa mayi, si mwana wa mzungu, ndipo mafupa ake alibe chizimba chilichonse. Chimene akusowa ndi melanini basi, choncho amafunika chipewa cha khonde, zovala za manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa ndi mpando wa kutsogolo m'kalasi chifukwa maso ake saona patali. Kuphedwa kwawo kumene kudakula kuyambira 2014 kudayambira pa mayina onyoza amene tinkawalekerera.

Ndikasalidwa pantchito, kusukulu kapena ku ofesi, ndichite chiyani?

Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho potengera mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo, dziko kapena fuko limene munthu akuchokera, ulumali ndi zina. Lamulo la zantchito la 2000 limaletsa tsankho polemba, pokweza ndi pochotsa ntchito, ndipo limati ntchito yofanana malipiro akhale ofanana. Malawi adalowanso mu 1996 m'pangano la United Nations la 1965 lothetsa tsankho la mitundu.

Milandu yambiri imagwa chifukwa cha umboni, choncho yambani tsiku lomwelo. Lembani m'kope deti, nthawi, malo, mawu enieni amene anenedwa m'chilankhulo chimene anenedwera, ndi mayina a amene analipo. Musafufute mauthenga a pa foni, ajambuleni n'kutumiza kwa munthu amene mumamukhulupirira, chifukwa foni imatayika. Pezani woyerekeza naye: ndani wa ntchito ndi maphunziro ngati anu amene wachitiridwa mosiyana, ndipo pa chiyani? Kunena kuti amandida sikokwanira. Kunena kuti tonse tidachedwa pa tsiku lakutilakuti koma wodulidwa malipiro ndine ndekha kumamveka.

Kenako dandaulani polemba kalata kwa akuluakulu a pamalopo, musunge kope lanu losainidwa kuti alandira. Zikakanika, nkhani ya pantchito ipite ku ofesi ya zantchito ya paboma, ku Dedza kapena ku Ntcheu. Ngati mwachotsedwa ntchito, lamulo limakupatsani miyezi itatu yokadandaula kumeneko, ndipo ambiri amaluza chifukwa chodikira kuti mwina bwana asintha mtima. Ikakanika pamenepo imapita ku bwalo la Industrial Relations Court. Ngati wokulakwirani ndi ofesi ya boma, pitani kwa Ombudsman. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo a tsankho a mtundu uliwonse, ndipo Legal Aid Bureau imathandiza amene sangathe kulipira loya. Pakakhala kuopsezedwa kapena kumenyedwa, yambirani kupolisi ndi kuchipatala, mutenge lipoti la dokotala mabala asanapole.

Zinthu ziwiri zimawononga mlandu wabwino. China ndi kusaina pepala la malipiro omaliza musanaliwerenge, chifukwa nthawi zina mumakhala mawu oti simudzadandaulanso. Pemphani kupita nalo kunyumba, wina akuwerengereni. China ndi kuthamangira pa Facebook kukatchula munthu dzina ndi kumutukwana ndi mtundu wake. Mukatero mwamupatsa mlandu woti akusumireni, ndipo mboni zanu zimayamba kuzemba.